Mpando wa Amalume pa Chinkhoswe cha Mwana Wanga

Tsiku limene mwana wanga wamkazi anandiuza kuti wapeza mwamuna womanga naye banja, ndinavina pakhonde pomwepo, tepi yoyezera ili m'khosi. Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la golosale ina ku Matawale, ndipo anthu odutsa tsiku limenelo anaona zakezake: mayi wathunthu, wa mawondo olira kale, akudumpha mozungulira makina. Koma thukuta lisanaume n'komwe, mwanayo anaponya mawu ena.

"Amayi, nkhoswe yanga akhala amalume. Musandipezere wina."

Ndinakhala pansi, phazi lili pa chopondera cha makina, osaponda.

Kwathu n'ku Jali, makolo athu anachokera ku Mozambiki, ndipo kwa ife mwana wamkazi akamakwatiwa mwini nkhani si bambo wake ayi. Mwini nkhani ndi malume, mlongo wa mayi ake. Ndiye amalandira akuchimuna akabwera kudzafunsira, ndiye amakhala pampando wakutsogolo pa chinkhoswe n'kudya nkhuku ndi malume a mnyamata, ndipo banjalo likadzayamba kugwedezeka, ana amathamangira kwa iyeyo. Bambo a mwana wangayu anamwalira iye ali wamng'ono, koma ngakhale akanakhala moyo mpando umenewo sukanakhala wawo. Tsono ine mlongo ndili naye mmodzi yekha, wopondana nane, wobadwa pambuyo panga.

Achimwene angawo ndi bambo wamkulu, ndevu zayamba kuyera. Amagwira ntchito ku nazale ya mitengo pamwamba pa phiri la Zomba, kuthira dothi m'machubu ndi kuokera mbande za paini, ndipo amakhala komweko m'kanyumba ka antchito. Loweruka lililonse amatsika m'mamawa kudzacheza kwathu ku Sadzi, n'kubwerera madzulo. Ntchito amaigwira, palibe amene anadandaulapo. Koma sayang'ana munthu m'maso. Akasangalala amakupiza manja pafupi ndi makutu uku akung'ung'udza. Phokoso lalikulu limawapweteka zenizeni, kupweteka kwa dzino. Ndipo ukawafunsa funso amayankha funsolo, osathirako shuga. Mayi wina wonenepa bwino anayesa diresi imene ndinamusokera, n'kutembenukira kwa iwo, "Nanga achimwene, yandikhala?" Iwo anati, "Yathina. Pamimba." Kasitomala ameneyo sindinamuonenso mpaka lero.

Tili ana kumudzi anthu ananena zambiri. Ena ankati amayi anadumpha mankhwala ali oyembekezera. Ena ankati abambo anamuika mwanayo m'zizimba kuti alemere. Kulemera kwake kuti, abale, ife amene tinkagawana bulangete limodzi ana tonse? Ndinamenyapo anthu chifukwa cha nkhani zimenezo, ndipo sindinong'oneza bondo.

Dzina la mmene alili linabwera mochedwa, ndi mwana wanga yemweyu, ataphunzira unamwino. Tsiku lina tikusenda mbatata anati, "Amayi, zimene ali nazo amalume zija zimatchedwa otizimu. Si ufiti, si matenda oti munthu amwe mapiritsi achire. Ndi mmene ubongo wawo unapangidwira."

"Nanga kamwana ka aneba kaja kosalankhula n'komwe, akuti n'chimodzimodzi? Amalume ako amalankhula."

"Anthu ake safanana, amayi. Wina salankhula, wina amalankhula mpaka mutatopa. Wina amafuna womusamalira tsiku lililonse, wina ali pantchito ngati amalumewa. Zili ngati nthochi. Sukali, makumbuka, kabuthu, zonse ndi nthochi, koma simungaziphike mofanana."

"Chabwino. Nanga ife abwinobwinofe?"

"Musamati abwinobwino. Ifenso tili ndi dzina lathu." Anatchula chimawu chachitali, nyurotipiko, chimene lilime langa linakana kaye. "Kungotanthauza kuti ubongo wathu umayenda njira imene anthu ambiri amayenda. Tangochuluka basi, amayi."

Ndinaseka mpaka mpeni kugwa. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti dzina limapatsidwa kwa wachilendo yekha, kani nanenso ndili m'gulu lina lake lokhala ndi dzina.

Nkhani ya chinkhoswe itafika kumudzi, amayi aakulu, mkulu wawo wa malemu amayi anga, anakwera minibasi ndi thumba la nandolo pamutu. Sanadikire n'komwe kuti ndiwafunse za ulendo.

"Iwe mwana, mutu ukugwira? Ukufuna tikaseketse mbumba yonse pamaso pa eni ake? Mlongo wakoyo timamukonda tonse, koma pabwalo pamafunika munthu wa pakamwa. Ndamva kuti kumpingo kwanu kuno kuli abambo ena, aphunzitsi opuma, amene anthu amawabwereka pa zinkhoswe. Suti ali nayo, mawu ali nawo. Tiwapemphe. Mlongo wako akhale kumbuyo, adye mpunga wake mwamtendere."

"Amayi, mwanayu ali ndi malume wake wamoyo. Tibwereke malume ngati mbale?"

"Anthu amabwereka."

"Mbale, amayi! Mbale ndi mipando!"

Tinakangana mpaka aneba kutsitsa wailesi kuti amve bwino. Koma ndinene zoona, pamene pakamwa panga pankalusa, ndinali ndi mantha. Ndinkaopa. Ndinkaopa kuti anthu mazanamazana adzawayang'ana achimwene anga akukupiza manja, wina n'kuseka, ine n'kuiwala kuti ndine make mkwatibwi, n'kumuponyera mpando. Pakati pa mkanganowo mwana wanga anafunsa chinthu chimene tonse awiri sitinachiganizire.

"Koma eni akewo mwawafunsa?"

Lamulungu lotsatira titaweruka ku tchalitchi ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita kuphiri. Msewu umenewo ine sindiukonda, umakhotakhota mpaka chakudya kubwerera kukhosi, ndipo anyani amangokhala m'mphepete kukuyang'ana ngati akudziwa kuti ukuopa. Pamwamba panali chifunga ndi kachisanu kolowa m'mafupa, fungo la paini lili ponseponse. Achimwene ndinawapeza atanjuta pakati pa mizere ya machubu, akuzula tiudzu ndi zala ziwiri. Kumeneko nkhope yawo imakhala ina, yomasuka, ya munthu amene ali pakwawo.

Ndinawafotokozera zonse, ndi za aphunzitsi obwerekawo zomwe, chifukwa iwo kuwabisira nkhani n'kuwalakwira.

"Aphunzitsiwo si malume ake," anatero, maso ali pa mbande.

"Zoona."

"Malume ake ndine."

"Zoona. Koma mutha, achimwene? Kudzakhala anthu ambiri. Pamafunika kulankhula."

Anazula kaudzu kena n'kukataya. Kenako anati, "Sindikudziwa. Sindinachitepo. Mundiphunzitse."

Ndiye sukulu inayambika. Lamulungu lililonse ndinkakwera phiri, tinkakhala pa chipika kuseri kwa nazale, ine n'kusanduka malume a mnyamata. Ndinkavala chipewa chawo cha ntchito, kukulitsa mawu, n'kuodira.

"Odi kuno! Tsopano inu mundilandire, mundipatse moni, kenako mufunse kuti, kaya alendo mwatiyendera ndi nkhani yanji?"

"Koma ndikudziwa kale chimene abwerera."

"Mumachita ngati simukudziwa."

"Iwowo akudziwa kuti ndikudziwa?"

"Akudziwa."

"Ndiye tikunamiza ndani?"

Ndinakonza chipewa chija pamutu.

"Ndi ulemu, achimwene. Tiyeni tipitirize. Akanena kuti abwera kudzafunsira mbeta, inu musavomere pomwepo. Muwauze kuti apite kaye, mumve maganizo a abale, adzabwerenso."

"Abale ake ati? Aliyense wavomera kale. Inu munavina."

"Ukavomera msanga amayesa kuti mwanayo anakutopetsa."

"Sananditopetse."

"Ndikudziwa! Ambuye, ndithandizeni!"

Pa nkhani ya atsikana ophimbidwa ndi pamene tinatsala pang'ono kusiyana. Pa chinkhoswe akuchikazi amatulutsa atsikana mmodzimmodzi, aliyense atafunditsidwa chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumawauza akuchimuna kuti nayu mkazi wanu. Iwo akavundukula amapeza kuti si ameneyo, anthu n'kuseka, mpaka pomaliza mwini wake n'kutuluka. Ndi masewera, ana omwe amawadziwa. Achimwene anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope ili gwa.

"Ndiye ndimugwire dzanja mwana wa eni, ndinene kuti ndi mphwanga, pamene si mphwanga."

"Eya, kuti anthu asangalale."

"Anthu amasangalala akanamizidwa?"

"Akadziwa kuti akunamizidwa, eya."

Anapukusa mutu pang'onopang'ono, mwachifundo ndithu, mmene umachitira ukaona munthu atasenza katundu womuposa. "Anthu inu muli ndi ntchito," anatero.

Mawu amenewo ananditsata mpaka kutsika phiri. Sabata yonseyo ndinkangodzimvera ndekha. Mlendo wafika tikudya, ine, "Tiyeni kuno, sambani," mtima ukupemphera kuti akane. Iye, "Ayi ndadya kale," m'mimba mukulira moti ndikumva. Ine kukakamiza, iye kukana, mpaka kachitatu ndi pamene akusamba, ndipo tonse tinkadziwa kuyambira pachiyambi kuti asamba. Mayi wina pamsika, "Ndidzakuyenderani ndithu," ine, "Mudzabwere ndithu," palibe akudziwa kumene mnzake amakhala. Ndinkangoseka ndekha pa makina. Ife ochulukafe tsiku lonse timavina gule amene palibe anatiphunzitsa ndi mawu, ndiye timadabwa wina akafunsa kuti phazi liponde pati.

Zina tinagwirizana. Za maso anandiuza momveka bwino: "Ndikayang'ana maso a munthu, mawu ake sindiwamva." Ndiye tinapangana kuti aziyang'ana chipewa cha wolankhula nayeyo. Za bodza anakanitsitsa. Anati mwambo adzachita wonse, palibe chimene adzadumphe, koma pakamwa pawo sipadzatuluka chinthu chimene sichili choncho. Ndinawasiya, poti ndimawadziwa, akati ayi ndi ayi.

Malume a mnyamata anabwera Loweruka lina masana. Anali bambo wamtali, Msilamu, wogulitsa nsomba zouma mumsika waukulu wa Zomba, atavala mkanjo woyera ndi kofia. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha kofiayo. Tinakhala pabalaza, achimwene pampando, ine ndi amayi aakulu pamphasa. Moni unayenda bwino. Kenako achimwene, maso ali pa kofia, anati:

"Ndauzidwa kuti ndikufunseni chimene mwabwerera. Ndiye ndikukufunsani. Koma ndikudziwa kale."

Amayi aakulu anakoka mpango n'kuphimba kumaso. Mlendo anatsokomola, n'kuyang'ana kwa ine, ine n'kuyang'ana kudenga. Anafotokoza nkhani yake mwaulemu wonse, mozungulira mmene zimakhalira, ndipo atamaliza achimwene anati:

"Mwambo ukuti mupite kaye, mudzabwerenso. Mudzabwerenso ndithu. Koma musavutike mumtima, yankho lidzakhala eya."

Bamboyo sanaseke, sanakwiye. Anangowayang'ana kanthawi, n'kuthokoza, n'kumwa tiyi wake, n'kutsazika. Ulendo wachiwiri unathanso chimodzimodzi, mwachidule. Zimene ankaganiza mumtima palibe anadziwa. Amayi aakulu anangoti, "Waona?" ndipo sananenenso kanthu. Ine ndinayesa kuti agonja, osadziwa kuti nkhalamba ikakhala chete ndiye kuti ili pantchito.

Chinkhoswe tinachitira pakhomo pathu pomwepo ku Sadzi. Tenti, mipando ya pulasitiki, azimayi a kumpingo ali kalikiliki kuseri ndi mpunga, abale onse titavala chitenje chimodzi chimene ndinasoka mpaka msana kuuma. Malaya a achimwene ndinawaikira nsalu yofewa mkati, chifukwa msoko ukawakhudza pakhungu amati ukuwaluma. Anakhala pampando wakutsogolo, msana uli njo, manja pa mawondo. Ndinawayang'ana ndili patali. Anali okongola, abale, achimwene anga anali okongola.

Mkulu wa zoimbira ndinali nditamuuza kale, osati kamodzi, kuti nyimbo zikhale pansipansi. Anavomera, "Musadandaule mayi." Koma akuchimuna atatulukira pamsewu akuimba, mzimu wake unamugwira, anapotokola kabatani mpaka kumapeto. Masipika aakulu ngati makabati anabangula, malata a nyumba kunjenjemera. Ndinaona achimwene akugwira makutu, akuweramira kutsogolo ndi kumbuyo, nkhope itakwinyika ndi ululu. Anapirira pang'ono. Kenako anadzuka n'kuyenda mofulumira kulowera kuseri kwa nyumba.

Ndisanasunthe n'komwe, suti yakuda inatulukira m'khamu la anthu. Aphunzitsi opuma aja! Anayenda mwaulemu, n'kukhala pampando uja, n'kukonza tayi. Amayi aakulu ali pamphasa anandiyang'ana n'kugwedeza mutu, ngati akuti, ukanatani popanda ine?

Nthawi yomweyo mtsikana wina anandikoka mkono. "Amayi, mkwatibwi wamva. Wakhala pansi m'chipinda, chitenje chili kumutu. Akuti satuluka mpaka amalume ake adzamutenge okha."

Sindinapite kwa mkulu wa zoimbira kukakambirana naye, nthawi ya zokambirana inali itatha. Ndinatsata chingwe chake ndi maso mpaka pawindo la kuchipinda kwanga kumene tinalumikiza magetsi, n'kupita, n'kuchizula. Bwalo lonse linangoti zii. Woyendetsa mwambo anatsala akutafuna mawu pa maikolofoni yakufa.

"Magetsi athima?" wina anafunsa.

"Sanathime, ndazula ndine!" ndinakuwa. "Pakhomo pano ndi panga, chingwe ndi changa, ndipo amene akufuna disiko apite ku bala! Mwini mbumba wachoka chifukwa cha phokoso lanulo, ndipo palibe chichitike pano mpaka abwerere!"

Achimwene ndinawapeza kuseri, pakati pa nthochi, atanjuta, zala zili m'makutu, akung'ung'udza. Sindinawakhudze, nthawi ngati imeneyo kuwakhudza n'kuwonjezera moto. Ndinanjuta patsogolo pawo, ndi mawondo angawa, n'kudikira mpaka anachotsa chala chimodzi.

"Phokoso latha, ndazula chingwe. Silibweranso. Pampando panu pakhala aphunzitsi aja. Mphwanu akuti satuluka popanda inu. Koma ngati simungathe, achimwene, nenani. Palibe amene akukakamizeni, ndipo ine sindikwiya."

Mawu omalizawo anandiwawa potuluka, koma ndinkanena zoona.

"Ndipatseni kanthawi," anatero.

Kanthawi ka achimwene sikafupika. Ndinabwerera kubwalo ndekha, maso onse ali pa ine, mpunga ukuzizira, ana akulira, amayi aakulu akundilasa ndi maso. Aphunzitsi anadzuka, kukonza kukhosi, "Mwina poti nthawi yatha, tingoyambapo..." Pamenepo ndi pamene malume a mnyamata, bambo wa kofia uja, anakweza dzanja.

"Pepani bambo, inu sindikukudziwani. Ine nkhaniyi ndinayamba ndi munthu wina, ndipo ndimaliza ndi yemweyo. Ine ndine wa pamsika, tsiku lonse ndimakhalira kumva anthu akuzungulira. Munthu wondiuza eya wake poyera ndimudikira ngakhale dzuwa lilowe." Anatembenukira kwa anthu ake. "Azimayi, imbani, koma motsitsa. Mwana wagona."

Panalibe mwana wogona, koma onse anamva. Azimayi a mbali zonse ziwiri anayamba kuimba chapansipansi, m'manja akuomba mofewa, kuimba kumene ndinakumva komaliza ndili mtsikana kumudzi, masipika asanabwere. Tinadikira. Ine thukuta linali kamukamu, ndikupemphera pemphero lopanda mutu.

Kenako anatulukira pakona ya nyumba. Anayenda molunjika, osayang'ana kumanzere kapena kumanja, mpaka anaima patsogolo pa aphunzitsi, maso ali pa nsapato zawo.

"Pepani abambo. Mwakhala pampando wanga."

Aphunzitsiwo, ndiwayamikire, ndi munthu wabwino. Anadzuka msangamsanga, n'kupukuta mpandowo ndi kansalu ka m'thumba, n'kuwerama. Pambuyo pake anadya mbale ziwiri za mpunga ndipo anavina kuposa aliyense.

Mwambo unayamba wopanda maikolofoni, ndiye aliyense anatchera khutu. Achimwene analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mtsikana woyamba, wophimbidwa bwinobwino, akumutsogolera mosamala kuti asapunthwe. Anamuimika patsogolo pa akuchimuna.

"Uyu si iyeyo," analengeza. "Ndi mwana wa aneba. Koma mwambo ukuti mumuone."

Mayo ine, kuseka kwake! Anthu anagwa m'mipando. Koma ataona achimwene akukweza mapewa ndi phokosolo, azimayi anayamba kusekera m'zitenje, azibambo kuluma zibakera, bwalo lonse likungonjenjemera mwakachetechete, misozi ili mbwembwembwe. Bambo wa kofia, nkhope ili gwa ngati ali pa mlandu, anati, "Zikomo potichenjeza. Komabe timuone, mwina mwalakwitsa."

"Sindinalakwitse."

Anavundukula, anali mwana wa aneba, akufa nako kuseka. Wachiwiri chimodzimodzi: "Uyunso ayi. Uyu ndi wamfupi." Ulendo wachitatu sananene kanthu. Anatuluka naye pang'onopang'ono, ndipo atafika pakati pa bwalo anasiya dzanja lake, manja awo onse awiri n'kukwera m'mwamba pafupi ndi makutu, kukupiza, kukupiza, akung'ung'udza, nkhope yonse ikuwala. Chinthu chimene ndinkaopa kuti anthu adzachiona, anachiona onse. Palibe anaseka. Mkamwini wanga anadzuka chitenje chisanavundukulidwe n'komwe, poti panalibenso chofunsa. Ndipo mawu oyamba kumveka anali a amayi aakulu, nthungululu imene anaiyamba mwamphamvu n'kuibweza pakati atakumbukira, moti inatuluka ngati nkhuku yotsamwa. Anandipeza pambuyo pake n'kunditsina pamkono. "Usandiyang'ane choncho iwe. Ndimafuna kuthandiza."

Nkhuku anadya awiriwo, achimwene ndi bambo wa kofia, aliyense kugwira mwendo wake. Ine ndinalira mpaka mpango kunyowa, ndipo sindinabise.

Ndinkayesa kuti nkhani yathera pamenepo. Koma chinkhoswe ndi tsiku limodzi, unkhoswe ndi ntchito. Mvula itayamba, ukwati utachitika kale, ana aja anayambana koyamba. Chimene anayambanirana sindinauzidwe, ndinangoona mwana wanga akufika Loweruka m'mawa maso ali psuu, pambuyo pake mwamuna wake atazolika, pambuyo pakenso bambo wa kofia ndi ambulera.

"Tabwera kwa ankhoswe," anatero bamboyo.

Ndinawalowetsa pabalaza, ndinaitana achimwene, ndinatenga mphasa n'kuiyala pafupi ndi mpando wawo, pamalo anga a nthawi zonse. Moyo wathu wonse ndakhala pamenepo. Kusukulu aphunzitsi akawafunsa, ndinkayankha ndine. Kuchipatala, ndine. Pokafunsira ntchito ku nazale, ndine. Ndinakonza chitenje, mawu ali kale kunsonga kwa lilime, poti mkamwiniyo ndinali nditamukonzera zake.

"Achemwali," anatero achimwene, maso ali pa kofia.

"Ee?"

"Tulukani. Iyi ndi nkhani ya ankhoswe. Make mwana sakhalapo."

Ine? M'nyumba mwanga? Ndinayang'ana mwana wanga kuti andiikire kumbuyo, iye anayang'ana pansi. Ndinayang'ana bambo wa kofia, iye anali kalikiliki kupinda ambulera wopindidwa kale. Ndinanyamula mphasa yanga n'kutuluka, chitseko n'kutsekedwa kumbuyo kwanga.

Ndinakhala pakhonde, khutu lili chakuchitseko, poti nanenso ndine munthu. Ndinamva mawu a achimwene, osakwera osatsika, akufunsa funso, mkamwini akuyankha motalika, iwo akufunsanso funso lomwelo. Kenako chitseko chinatseguka, achimwene n'kusuzumira.

"Pamenepo mukumva. Pitani patali."

Ndinapita kukakhala m'khitchini, mvula ikuwaza pakhomo, ndikuseka, ndikulira, ndikutukwana chapansipansi. Anakhalamo nthawi yaitali. Potuluka, mwana wanga ndi mwamuna wake anali pansi pa ambulera mmodzi, ndipo bambo wa kofia anagwira dzanja la achimwene ndi manja awiri. Alendo atapita ndinawapangira tiyi, kuika shuga wambiri, n'kukhala pafupi.

"Ndiye inali nkhani yanji, achimwene?"

Anamwa tiyi wawo, n'kuika kapu pansi.

"Si yanu," anatero.